Magazi podzithandiza pa nthawi ya pakati: zimene zimachitika m'mimba mwa mayi woyembekezera

Ku sikelo mayi savutika kunena kuti msana ukumupweteka, miyendo yatupa, kapena kuti mwana sakusewera ngati masiku onse. Koma namwino akafunsa kuti "pali vuto lina, mayi?", ambiri amene aona magazi podzipukuta kuchimbudzi amangoti palibe. Panja pali mzere wautali, chitseko sichitsekeka bwino, ndipo nkhani ya kotulukira chimbudzi si nkhani imene tidaleredwa kuti tiziitchula pamaso pa munthu. Mayi amabwerera kunyumba ndi mantha ake. Ena amasiya kumwa mapiritsi owonjezera magazi poganiza kuti ndiwo abweretsa vutolo, ndipo apa m'pamene kanthu kochizika mosavuta kamayamba kuika moyo pachiswe.

Nthawi zambiri magazi amenewa amachokera pa zinthu ziwiri: mudzi (zotupa za kotulukira chimbudzi), kapena kachilonda kong'ambika pakhomo potulukira chimbudzi. Zonse ziwiri zimayamba ndi kudzimbidwa, ndipo sizimukhudza mwana m'mimbamo. Koma palinso zina zoopsa zimene zimaoneka chimodzimodzi poyamba, ndipo munthu sangazisiyanitse pongoganizira ali kunyumba.

Magaziwo akuchokera kuti?

Funso limeneli ndilo loyamba, ndipo silophweka monga momwe likumvekera. Mimba ikakula mayi saona kumunsi. Chimbudzi chokumba chimakhala cha mdima, chimene chagwera m'dzenje sichionekanso, ndipo njira yoberekera ndi njira ya chimbudzi n'zoyandikana kwambiri. Kadontho kofiira pa kabudula wam'kati sikanena komwe kachokera.

Tengani mapepala oyera awiri kapena tinsalu tiwiri toyera. Ndi kamodzi pukutani kutsogolo kokha, ndi kenako kumbuyo kokha, ndipo muone pa kuwala. Kenako valani padi. Magazi a mudzi kapena a kachilonda amabwera pochita chimbudzi ndi kusiya posakhalitsa. Magazi amene akuoneka pa padi musanapite kuchimbudzi, amene akutuluka mutangokhala kapena mutagona, muwatenge kuti ndi a kunjira yoberekera.

Amenewo sadikira tsiku la sikelo. Miyezi yoyambirira angatanthauze kuti mimba ikufuna kupita padera, kapena kuti yakhala kunja kwa chiberekero, m'kanjira kodutsa mazira, komwe ikaphulika mayi amatayira magazi m'kati. Miyezi yomaliza angatanthauze kuti nsengwa yakhala pakhomo pa chiberekero, kapena yayamba kumatuka mwana asanabadwe. Ngakhale pakati pa usiku, ngakhale magaziwo ndi ochepa ndipo sakupweteka, pezani njinga kapena galimoto. Ngati mwalephera kudziwa komwe akuchokera, pitaninso chimodzimodzi. Palinso njira yachitatu, ya mkodzo: magazi obwera kumapeto kokodza nthawi zambiri amakhala a likodzo kapena matenda a m'chikhodzodzo, ndipo nawonso ndi ofunika kuyezetsa.

Chifukwa chake m'mimba mumaima

Pakati pakangokhazikika, thupi limachulukitsa homoni yotchedwa progesterone. Ntchito yake yaikulu ndi kufewetsa minofu ya chiberekero kuti chisamukankhe mwana nthawi isanakwane. Koma homoniyi imayenda m'magazi thupi lonse, ndipo minofu ya mtundu womwewo ilinso m'makoma a matumbo, pakhomo pa chifu ndi m'mitsempha ya magazi. Yonse imafooka pamodzi. Mavuto ambiri a m'mimba amene mayi wapakati amadandaula nawo amachokera pamenepa.

M'matumbo chakudya chimayenda pang'onopang'ono. Thumbo lalikulu, limene ntchito yake ndi kuyamwa madzi m'zotsalira za chakudya, limapeza nthawi yochuluka yoyamwa, ndiye chimbudzi chimafika kumapeto chitauma, chili timibulu ngati ta mbuzi. Mimba imafufuma ndi mpweya. Amayi ena amatha masiku atatu kapena anayi osadzithandiza. Kudzimbidwa kumagwira amayi ofika 4 mwa 10 alionse oyembekezera.

Nthawi yomweyo magazi m'thupi amawonjezeka ndi pafupifupi theka la momwe analili, kuti akwanire mayi ndi mwana. Chiberekero chikamakula chimatsamira mtsempha waukulu wobwezera magazi kumtima kuchokera kumiyendo ndi m'chiuno, ndipo mitsempha ya kumunsi imadzaza. N'chifukwa chake mapazi amatupa madzulo, ndipo n'chifukwa chakenso mudzi umakonda kubwera m'miyezi itatu yomaliza. Munthu aliyense amabadwa ndi timinofu tofewa todzaza ndi mitsempha m'kati mwa khomo la chimbudzi, tothandiza kuti khomolo lizitsekeka bwino. Tikadzaza magazi mopitirira, kenako mayi n'kumatchima tsiku ndi tsiku pofuna kutulutsa chimbudzi chouma, timatupa, timatsika, ndipo khungu lake lopyapyala limanyuka. Pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu kapena anayi alionse amakumana ndi zimenezi ali ndi pakati kapena atangochira. Si matenda opatsirana pogonana, si chizindikiro chakuti wina walakwa m'banja, ndipo sanakulodzeni.

Mudzi wa m'kati kawirikawiri supweteka. Chimene mayi amaona ndi magazi ofiira kwambiri, atsopano, pa pepala kapena akudontha akangomaliza, osasakanikirana ndi chimbudzicho. Wa kunja umayabwa ndipo umamveka ngati kachotupa pogwira. Nthawi zina magazi amaundana m'kachotupako, n'kukhala kolimba, kakuda mobiriwira, kopweteka moti mayi amakhala chammbali pa mpando. Kotereka n'kofunika kukaonetsa m'masiku awiri kapena atatu oyamba, chifukwa ndi pamene adokotala angathe kuchotsa magazi oundanawo ululu n'kutsika msanga.

Kachilonda kong'ambika ndi kena. Kamabwera chimbudzi cholimba chikang'amba khungu potuluka, ndipo kamadziwika ndi ululu wake: kumva kuchekedwa pa nthawi yomwe chimbudzi chikudutsa, kenako kuwotcha kumene kumatha ola lathunthu kapena kupitirira. Magazi amakhala ochepa, kamzere chabe pa pepala. Choipa chake n'chakuti mayi amayamba kuopa chimbudzi. Akamva kuti chabwera amachibweza, chimakhalitsa m'thumbo, chimaumiratu, ndipo tsiku lotuluka chimang'ambanso pomwe pamayamba kupola. Ena amafika pochepetsa kudya kuti asamapiteko. Kachilondaka sikapola ndi mafuta opaka okha chimbudzi chisanafewe.

Mapiritsi owonjezera magazi

Amayi amene amati mapiritsi a ku sikelo amawadzimbira sakunama. Ayironi, mchere wopangira magazi umene uli m'mapiritsiwo, amaumitsadi chimbudzi mwa anthu ena, amachititsa mseru, ndipo amadetsa chimbudzi kukhala chakuda kapena chobiriwira moderako. Kuda kumeneku si magazi. Ndi ayironi wotsala amene thupi silinatenge.

Koma kusiya mapiritsiwo ndi kusinthanitsa vuto laling'ono ndi lalikulu. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti amayi oyembekezera 45 mwa 100 alionse m'Malawi muno anali ndi magazi ochepa. N'chifukwa chake bungwe la World Health Organization limalangiza kuti mayi aliyense wapakati azimwa ayironi wa mamiligalamu 30 mpaka 60 pamodzi ndi folic acid tsiku lililonse. Pobereka mayi aliyense amataya magazi, ndipo mpaka theka la lita amati n'zachizolowezi. Amene wafika tsikulo magazi ali okwanira amapirira. Amene wafika ali kale woyera m'manja ndi m'zikope, wochita befu akangokwera kachitunda, alibe potsamira, ndipo kutaya magazi pobereka ndi chimodzi mwa zinthu zikuluzikulu zimene zimapha amayi kuno. Tsono taganizani mayi amene mudzi ukumudonthetsa magazi pang'onopang'ono mlungu ndi mlungu, iye n'kusiyanso mapiritsi omwe akanabwezeretsa magaziwo. Zimandiwawa kwambiri chifukwa zonsezi zikanapeweka ndi mawu ochepa chabe pakati pa iye ndi namwino.

Yesani kumwa piritsilo madzulo mutadya, m'malo mwa m'mawa m'mimba muli mopanda kanthu. Musamwere tiyi, chifukwa tiyi amalepheretsa ayironi kulowa m'thupi. Zipatso zowawasa monga malalanje, magwafa, malambe ndi masau zimathandiza kuti alowe bwino. Zikakanikabe, nenani ku sikelo kuti akusinthireni kamwedwe kapena akupatseni chofewetsa chimbudzi.

Pali kuda kwina kumene n'koopsa. Chimbudzi chakuda bii, chomata ngati phula, chonunkha moipa kuposa masiku onse, chimasonyeza magazi ochokera kumtunda, m'chifu, amene agayika pobwera. Cha mapiritsi chimakhala chouma ndipo fungo lake silisintha kwenikweni. Chomatacho, makamaka pamodzi ndi chizungulire, mtima kugunda mofulumira kapena kusanza magazi, n'chothamangira nacho kuchipatala. Nthawi zambiri chimachokera ku zilonda za m'mimba, ndipo mankhwala opha ululu monga Brufen, diclofenac ndi Indocid, amene anthu amangogula pa golosale, amayambitsa kapena kukulitsa zilondazo. Mayi wapakati asamwe amenewa pokhapokha adokotala atalemba, chifukwa mimba ikapitirira milungu 20 amasokonezanso impso za mwana ndi kuchepetsa madzi amene iye amakhalamo. Wa ululu amene ali bwino ndi Panado. Asipirini wochepa mphamvu amene amapatsa amayi ena popewa kuthamanga kwa magazi ndi nkhani ina: ngati anakulemberani, auzeni za magazi mukuonawo, musangosiya nokha.

Dothi

M'misika yathu dothi lokazinga limagulitsidwa poyera, ndipo ogula ake ambiri ndi amayi apakati. Ena amakumba la pa chulu kapena pa khoma la nyumba. Amene sanamvepo chilakolako chimenechi asafulumire kudzudzula, chifukwa ndi champhamvu zedi, ndipo kawirikawiri chimayendera limodzi ndi kuchepa kwa ayironi m'thupi. Vuto n'lakuti dothilo silipereka chimene thupi likufuna. Limagwira ayironi wa m'chakudya ndi wa m'mapiritsi n'kutuluka naye, limaumbika m'matumbo chimbudzi n'kulimbiratu, ndipo losakazinga limatha kukhala ndi mazira a njoka za m'mimba. Mayi amadya dothi chifukwa magazi achepa, magazi n'kuchepera chifukwa cha dothi lomwelo, kwinaku akutchima mpaka kung'ambika. Ngati mukudya dothi, liuzeni ku sikelo mosabisa ndipo pemphani kuti akuyezeni kuchuluka kwa magazi. Amayi ambiri chilakolakocho chimawathera magazi akakwera.

Njoka zina za m'mimba zimalowera kumapazi ndipo zimayamwa magazi m'matumbo mosaoneka ndi maso. Piritsi la albendazole limene amapereka ku sikelo miyezi itatu yoyamba ikadutsa ndi la zimenezi. Si lotaya.

Zimene zimafewetsa chimbudzi

Ufa woyera timaukonda, ndipo ntchito yake timaidziwa: kukonola, kupeta, kuviika mphale masiku angapo, kuanika, kugayitsa. Koma madeya amene timapatsa nkhuku ndi nkhumba aja ndiwo amasunga madzi m'chimbudzi ndi kuchipatsa thupi loti matumbo akankhe. Nsima ya ufa woyera masana ndi madzulo, buledi ndi tiyi m'mawa, ndiwo pang'ono pambali: mayi wapakati wodya chonchi adzimbidwa basi. Mgaiwa ena amaunyoza kuti ndi wa kusukulu yogonera kapena wa nthawi ya njala, koma kwa mayi wodzimbidwa ndi mankhwala amene ali kale m'nyumba. Ngati a pabanja akukana nsima yake, phala la mgaiwa lothira nsinjiro m'mawa ndi poyambira pabwino.

Ndiwo zamasamba zichuluke m'mbale kusiyana ndi masiku onse: nkhwani, bonongwe, chisoso, kholowa, mpiru, therere. Nyemba, nandolo, khobwe ndi nzama n'zabwino, koma muwonjezere pang'onopang'ono, chifukwa mukazichulukitsa tsiku limodzi mpweya ukusautsani. Mbatata, maungu, papaya wakupsa, mango ndi mapeyala zimathandizanso. Zonsezi zimagwira ntchito ndi madzi. Amayi ambiri amachepetsa kumwa chifukwa chotopa ndi kukodza pafupipafupi, makamaka usiku pamene chimbudzi chili panja. Imwani kwambiri m'mawa ndi masana, pafupifupi malita awiri pa tsiku ndi kuposerapo nyengo yotentha, n'kuchepetsa dzuwa likalowa. Mkodzo ukakhala woyera ndiye kuti madzi akukwana. Kuyenda ndawala pang'ono tsiku lililonse kumadzutsa matumbo, ndipo izi n'zofunika makamaka kwa ogwira ntchito yokhala pansi tsiku lonse, mu ofesi kapena pa makina osokera.

Chimbudzi chikabwera, pitani nthawi yomweyo. Chimakonda kubwera munthu akangodya m'mawa, ndipo imeneyo ndiyo nthawi yomwe mayi amakhala akukonzekeretsa ana kusukulu, kapena akuchita manyazi kudutsa pamaso pa apongozi, kapena ali pamsika pomwe chimbudzi n'cholipira. Mukachibweza kangapo, thupi limasiya kukuuzani. Kunjuta kumene timachita pa chimbudzi chokumba kumawongola njira, ndipo n'kwabwino kuposa kukhala pa cha madzi. Ngati mimba yalemera, konzani chogwirira. Amene ali ndi chokhalira aike kampando kakafupi kopondapo kuti mawondo akwere kuposa chiuno. Musatchime mutagwira mpweya, ndipo musakhalitsepo mukuona foni. Zikakana, dzukani, mudzayesenso nthawi ina.

Pepala la nyuzi ndi chitsononkho zimanyula malo otupa kale. Tsukani ndi madzi, n'kuumitsa mogunditsa kansalu kofewa, osakhula. Kukhala m'beseni la madzi ofunda mphindi 10 mpaka 15, kawiri kapena katatu pa tsiku, kumachepetsa ululu wa mudzi ndi wa kachilonda. Madziwo akhale ofunda chabe, opanda Dettol, opanda zitsamba. Popuma gonani chakumanzere, kuti chiberekero chichoke pa mtsempha waukulu uja. Mudzi wofewa umene watuluka mutha kuubweza pang'onopang'ono ndi chala chosamba bwino chopakidwa Vaseline. Wolimba ndi wopweteka musaukakamize, ndipo musalole aliyense kuudula, kuumanga ulusi kapena kuutema mphini kunyumba.

Zikapanda kusintha pakatha mlungu, kuchipatala kuli mankhwala ofewetsa chimbudzi monga lactulose amene mayi wapakati amamwa popanda vuto, komanso opaka ndi oika kumbuyo ogwiritsa ntchito masiku ochepa. Mankhwala "otsuka m'mimba" ogulitsidwa m'mabotolo opanda dzina, mafuta a nsatsi ndi zitsamba zotsekula m'mimba n'zoopsa. Zimene zimapotokola matumbo mwamphamvu zimatha kudzutsanso chiberekero, ndipo palibe amene amadziwa mlingo wake.

Mseru ndi chilungulira

Mseru umagwira amayi ambiri, pafupifupi 7 mwa 10. Umayamba cha pa milungu 6, umafika pachimake cha pa milungu 9, ndipo kwa ambiri umatha pofika milungu 16 mpaka 20. Kudya pang'onopang'ono koma pafupipafupi, kulawa kanthu kouma musanadzuke pa mphasa, ndi madzi a jinja zimathandiza. Koma mayi amene akusanza chilichonse ngakhale madzi, amene mkodzo wake wachepa n'kuda, amene akuwonda, afunika diripi ndi mankhwala, osati kumuuza kuti apirire poti ndi mmene mimba imakhalira. Kusanza mwamphamvu kumathanso kung'amba pang'ono kumunsi kwa m'mero, timizere ta magazi n'kuoneka m'masanzi. Zimenezonso n'zokaonetsa.

Chilungulira chimabwera chifukwa khomo la chifu lafooka ndipo mwana akukankha kuchokera pansi, ndiye asidi amakwera kum'mero. Musagone mutangodya, papite maola awiri kapena atatu. Kwezani kumutu kwa pogona, ndipo chepetsani zokazinga, tsabola ndi zakumwa za gasi. Soda wophikira therere amene ena amasungunula m'madzi n'kumwa si wabwino kwa mayi wapakati, chifukwa ali ndi mchere wambiri wosunga madzi m'thupi. Mankhwala a chilungulira a kuchipatala alipo, koma amalepheretsa ayironi kulowa, choncho muwatalikitse ndi maola awiri. Kwa amayi amene ali pa ma ARV okhala ndi dolutegravir, omwe ndi amene ambiri akumwa masiku ano, nkhaniyi ndi yaikulu: mankhwala a chilungulira, ayironi ndi kashiamu zimatha kugwira mankhwalawo m'mimba mphamvu yake n'kuchepa, pomwe ndi amene akuteteza mwana ku kachilombo. Funsani namwino kuti akuikireni nthawi ya piritsi lililonse, ndipo alembe m'buku lanu.

Pali ululu wina umene umanamizira chilungulira. Mimba ikapitirira milungu 20, kupweteka kwambiri pansi pa nthiti, pakati kapena chakumanja, pamodzi ndi mutu waukulu, kuona zinthu mwachimbuuzi kapena kutupa nkhope ndi manja, kungakhale kuthamanga kwa magazi kwa pakati kumene kwafika pokhudza chiwindi. Kumeneku kumatha kugwetsa mayi ndi kukomoka. Akakuyezeni BP tsiku lomwelo.

Pamene magazi abwera ndi kutsekula m'mimba

Apa nkhani ya mudzi iikeni pambali. Chimbudzi chamadzi chosakanikirana ndi magazi ndi zonanda, kupotokola m'mimba, kutentha thupi, ndi kumva ngati chimbudzi chikadalipo mutangochoka kumene: ameneyo ndi kamwazi. Amayamba ndi tizilombo tolowa kudzera m'madzi, chakudya kapena manja osasamba, ndipo tizilomboto tili mitundu yosiyana yofuna mankhwala osiyana. Makapisozi ogula pa okala angakhale olakwika pa matendawo, ndipo ena ndi osayenera kwa mwana ali m'mimba. Mapiritsi oimitsa kutsekula m'mimba ndi oletsedwa ngati muli magazi kapena thupi latentha, chifukwa amatsekera tizilombo m'kati. Yambani kumwa Thanzi ORS, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, muli pa ulendo wa kuchipatala. Kutentha thupi kulikonse kwa mayi wapakati n'kofunikanso kuyezetsa malungo.

Kolera kawirikawiri alibe magazi. Chimbudzi chake chimakhala chamadzi oyererako, chochuluka, ndipo munthu amatha madzi m'maola ochepa. Mliri umene udayamba mu March 2022 udadwalitsa anthu oposa 58,000 m'dziko muno ndi kupha oposa 1,700. Kwa mayi wapakati ngozi imafika msanga pa mwana, chifukwa madzi akachepa m'thupi magazi opita ku nsengwa ndi amene amayamba kuchepa. Kutsekula m'mimba kulikonse kumene kwabwera ndi mimba kumangika nthawi ndi nthawi, msana kupweteka kapena madzi kutuluka kutsogolo kungakhalenso chiyambi cha kubereka, ngakhale masiku asanakwane.

Anthu ambiri amadziwa likodzo la mkodzo, koma lilipo lina la m'matumbo, limene limatulutsa magazi m'chimbudzi ndipo likakhalitsa limawononga chiwindi. Limapezeka m'madera monga ku Chigwa cha Shire, ndipo kuyambira 2017 nkhono zimene zimalifalitsa zidapezeka m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi, ana a kumeneko n'kuyamba kupezeka nalo. Mayi amene amachapa, kutsuka mbale kapena kusamba m'nyanja, m'dambo kapena m'ngalande za mpunga atchule zimenezi akamafotokoza vuto lake, kuti amuyeze chimbudzi. Mankhwala ake, praziquantel, bungwe la World Health Organization lidavomereza kuti mayi woyembekezera atha kumwa.

Zosowa koma zosayenera kuziiwala

Amayi owerengeka amakhala ndi matenda otupitsa matumbo okhalitsa, amene amabweretsa magazi ndi kutsekula m'mimba kwa milungu yambiri. Amene akudziwa kale kuti ali nawo asasiye mankhwala chifukwa cha pakati asanaonane ndi dokotala, poti matendawo akabuka ndi amene amavulaza mwana kuposa mankhwala ambiri. Khansa ya m'matumbo ndi yosowa kwambiri pa msinkhu wobereka, koma ikapezeka mwa mayi wapakati imapezeka mochedwa, chifukwa aliyense, ngakhale achipatala, amaloza mimbayo pa chilichonse. Magazi oderako osakanikirana ndi chimbudzi, magazi osaleka ngakhale chimbudzi chafewa, kuwonda pamene mumayenera kunenepa, magazi kuchepabe ngakhale mukumwa mapiritsi mokhulupirika, kapena mbale wanu weniweni amene adadwalapo khansa ya m'matumbo: chimodzi mwa izi chikhale chifukwa chobwereranso ndi kuumirira kuti akuoneni bwinobwino. Mawu akuti "ndi mudzi basi" ndi omveka akachokera kwa munthu amene wayang'anadi.

Kuyezako kumachititsa manyazi kuposa kupweteka. Mumagona chakumanzere mutapinda mawondo, amayang'ana kunja, kenako amalowetsa chala chovala gulovu ndi mafuta, nthawi zina kachipangizo kakafupi kounikira. Zimatenga mphindi zochepa ndipo sizifika pomwe pali mwana. Muli ndi ufulu wopempha kuti atseke chitseko, kuti pakhale mayi mnzanu, kapena kuti akuoneni namwino wamkazi ngati alipo. Ngati mawu akukanika kutuluka, ingonenani kuti "ndikuona magazi ndikapita kuchimbudzi", enawo afunsa okha. Konzekerani kuyankha kuti anayamba liti, ndi ofiira kapena akuda, akudontha kapena asakanikirana ndi chimbudzi, akupweteka kapena ayi, ndiponso mankhwala onse amene mukumwa, a zitsamba omwe. Abambo amene mwauzidwa nkhaniyi ndi akazi anu, dziwani kuti atenga masiku akulimbana nayo asanakuuzeni. Pezani ya transipoti ndipo vomerani nsima ya mgaiwa.

Mudzi suletsa kubereka kudzera m'njira yabwinobwino, ndipo si chifukwa chochitira opaleshoni yotulutsa mwana. Kutchima kwa pobereka kumaukulitsa, moti masiku oyamba mutachira ukhoza kupweteka kuposa kale, ndipo chimbudzi choyamba chimaopsa, makamaka kwa amene asokedwa. Madzi, masamba, beseni la madzi ofunda ndi chofewetsa chimbudzi zipitirire. Woyamwitsa amafunanso madzi ochuluka kuposa kale. Kwa ambiri kutupako kumaphwa m'milungu ingapo, ndipo n'chifukwa chake madokotala sachita changu kudula mudzi mayi ali ndi pakati. Pa sikelo ya milungu 6 mutachira, anthu onse maso amakhala pa mwana ndi katemera wake, ndiye nkhani yanu muiyambitse nokha. Ngati mpweya kapena chimbudzi chikutuluka osachimva, nenani, chifukwa mnofu wotseka khomo ukhoza kukhala kuti unang'ambika pobereka ndipo umasokeka. Ngati magazi akuonekabe, pemphani kalata yopita kuchipatala cha boma, komwe angakutumizeni ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe kukaunika m'matumbo.